Mjigo Uwu Ngwa Yani?

Masiku apitawo ndinali kuyenda pa njinga kucokera ku Nsaru kunka ku Kabudula, ndipo dzuwa litakula ndinaima m'mudzi wina wa m'mbali mwa mseu kupempha madzi akumwa. Mai wina anandipatsa m'cikho mwaulemu, koma madziwo anali ambuu ngati otsukira mphale. Ndinati, "Kodi mwatunga kuti, mai?" Iwo anati, "Kudambo, bambo." Tsono pafupi pomwepo panali mjigo wabwino, simenti yace yosang'aluka, ndi cikwangwani colembedwa dzina la bungwe lakunja limene linaukumba. Nditafunsa cifukwa cace satunga pamenepo, anandiyankha mau amene andikhalitsa pansi kulemba nkhani yino. Anati, "Unafa nthawi ya masika, ndipo eni ace sanabwere kudzaukonza."

Akumwa madziwo ndi a m'mudzimo, ana odwala m'mimba ndi ao omwe, koma eni ace a mjigo akuti ali kutsidya la nyanja. Cimene cinaonongeka ndi kamphira ka m'kati, ka mtengo wosaposa wa nkhuku imodzi. Ndiponso mijigo ya mtundu uwu, yochedwa Afridev, imene ciyambi cace cinali konkuno ku Malawi m'zaka za m'ma 1980, inapangidwa dala kuti anthu a m'mudzi athe kuitsegula okha ndi sipanala imodzi. Mai aja sindiwadzudzula iai, pakuti ananena mau amene tonsefe tinaphunzitsidwa zaka zambiri. Ndifuna tifunsane kumene tinawaphunzira.

Akuru a kuno akumbukira caka ca 1968, pamene boma la Dr. Kamuzu Banda linayamba nchito yaikuru yochedwa Lilongwe Land Development Programme, ndi ndalama zokongola ku World Bank. Nchitoyo inagwira dziko la kumadzulo kwa Lilongwe, loposa maekala 1 miliyoni, lokhalamo mabanja ngati 100,000. Anadza ndi makina nalambula miseu yofika kumidzi, nakumba mijigo, namanga misika ndi nyumba za alangizi, naunda migula ndi kukumba ngalande zochinga madzi m'minda. Anayesa minda nailemba m'buku monga mwa malamulo a 1967, ndiyo ija tiicha ndunda. Anakongoza alimi mbeu ya cimanga ndi ya mtedza pamodzi ndi fetereza, natsegulanso khola lalikuru la ng'ombe ku Dzalanyama. Inali imodzi mwa nchito zoyamba za mtundu uwu zimene World Bank inalipira m'Afrika, ndipo alendo a maiko ena anadza kudzaona.

Zokoma zace tisazikane. Midzi imene ngolo inalephera kufikako nthawi ya dzinja inayamba kufikika, ndipo amai ambiri analeka kutunga m'zithaphwi. Koma nzeru ya nchitoyo inapangidwa m'maofesi a ku Zomba ndi a ku Washington, ndipo mlimi anali womvera cabe. Mgula woundidwa ndi makina, mwini munda sanaukhetsere thukuta; cotero utagumuka ndi mvula iye anakhala pansi kulindira makinawo kuti abwerenso. Pamene nchitoyo inalowetsedwa m'cikonzero ca dziko lonse cakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndalama zinagawika ponseponse, makina anakalamba, ndipo miseu yambiri inasanduka zigwembe. Anthu anati, "Miseu ya boma yaonongeka," kuiwala kuti oyendamo ndi mtedza wao ndi iwo eni.

Taonaninso za ngongole ya makalabu. Zaka zambiri alimi oposa 90 mwa 100 anabweza ngongole yao, ndipo akunja anatitama kuti Amalawi ndi okhulupirika koposa ena. Kukhulupirika kunalipo ndithu, koma akuru adziwa kuti mantha analinso pomwepo, pakuti wolephera analandidwa mbuzi, citseko, kapena malata a padenga. Tsono kunadza cilala ca 1992, ndi pambuyo pace ndale za zipani zambiri, ndipo ena ofuna mavoti anauza anthu kuti ngongoleyo siyenera kubwezedwa. Ambiri sanabweze, ndipo pofika 1994 bungwe la SACA, limene linali kukongoza alimi ang'ono, linagwa. Wolangidwa anali mlimi yemwe, pakuti caka cotsatira anasowa pokongola.

Momwemonso ndi Sabata ya Acinyamata. Caka ndi caka anthu anaumba njerwa za sukulu, nakonza milatho ndi miseu, koma popeza kunali kukakamiza, ufulu utadza mu 1994 anthu anati, "Ija inali thangata." Thangata weniweni anali woipadi, ndiye nchito yokakamiza pa minda ya azungu ku Thyolo ndi ku Chiradzulu, imene phindu lace linanka kwa mwini munda. Koma ife tinatenga dzina loipalo ndi kulipacika pa nchito youmba njerwa za sukulu ya ana athu omwe. Pambuyo pace anadza mabungwe olipira anthu pokonza mseu wa kwao, ena ndi ndalama, ena ndi cimanga. Ndipo lero msonkhano wa citukuko wopanda alawansi ndi zakumwa, mfumu iitana kufikira mau asasa, koma afika ndi anthu asanu. Apa ndipo pali muzu wa nthenda yathu: zina anaticitira alendo, zina tinazicita ndi mantha, ndipo zonse ziwiri sizinakhale zathu mumtima.

Cimene cioneka pa mjigo cionekanso ku Capital Hill. Zaka zambiri, pa K100 iriyonse imene boma linagwiritsa nchito, ngati K40 inacokera kwa maiko othandiza. Tsono mnyamata wa ganyu amvera amene amlipira. Atsogoleri athu anazolowera kuopa kazembe wa dziko lakunja koposa mlimi wa ku Mpingu amene anawaika pampando. Mu March 1992 mabishopu a Katolika analemba kalata yao yodzudzula nkhanza za boma la cipani cimodzi, ndipo anthu analimba mtima. Mu May caka comweco maiko othandiza anakomana ku Paris naimitsa thandizo lao la citukuko. Ndipo pa 14 June 1993 tinaponya voti yosankha zipani zambiri. Pamenepo dzanja la alendo linatithandiza. Koma mu 2011, boma la Bingu wa Mutharika litapirikitsa kazembe wa Britain mu April, Britain inaimitsa ndalama zace zopita m'thumba la boma mu July. Caka cimeneco ndalama zakunja ndi mafuta a galimoto zinasowa, ndipo wosauka nazo anali wodwala wolindira ambulansi, amene sanayambane ndi munthu ali yense.

Mu 2013 kunaululika kuba kwa ndalama za boma kumene kunachedwa Cashgate. Owerengera ndalama ocokera ku Britain anapeza kuti ndalama zofika ngati K24 biliyoni zinatuluka m'miyezi isanu ndi umodzi, kulipira katundu ndi nchito zimene sizinaoneke. Maiko othandiza anakwiya natseka dzanja. Koma kumidzi kuno ndinamva anthu alikuseka ndi kunena kuti, "Adya za azungu." Abale, zambiri mwa ndalamazo zinali zathu. Pogula sopo ndi shuga pa Namitete mupereka msonkho. Pogulitsa fodya ku Kanengo adulapo. Pokhala pamsika ndi tomato wanu mudula ciphaso. Munthu wakuba nkhuku m'mudzi timthamangitsa usiku wonse, koma wakuba mankhwala a cipatala cathu timcha wocenjera, ndipo akadza ndi galimoto lace timyalira mphasa.

Ndipo tsiku limene anzeru anali kulinena linafika. Mu January 2025 President Donald Trump wa ku America anaimitsa thandizo la dziko lace la kumaiko akunja, ndipo mu July caka comweco bungwe la USAID linatsekedwa. Anchito ambiri a zaumoyo amene analipidwa ndi ndalamazo anacotsedwa, ndipo abale athu akumwa mankhwala otalikitsa moyo, amene boma linayamba kugawa kwaulere mu 2004 ndi ndalama zocokera kunja, anagona ndi nkhawa. Palibe munthu wa ku Nambuma amene anafunsidwa. Anthu a ku America anasankha mtsogoleri wao pa zifukwa zao, ndipo cisankho cao cinagwedeza moyo wa mai wamasiye wa kuno. Makolo anati mlendo ndi mame. Mame ndi abwino, atsitsimutsa mbeu m'mamawa, koma palibe mlimi abzala cimanga cace kukhulupirira mame okha.

Wina adzati, "Kodi mlembi uyu afuna tikane thandizo?" Iai ndithu. Dziko lathu ndi losauka, ndipo pali zinthu zimene mudzi sungathe pa wokha, monga kugula katemera kapena kumanga mlatho wa pa Bua. Cipatala ca St. Gabriel ku Namitete, cimene masisitere ocokera ku Luxembourg anayamba mu 1959, capulumutsa amai ndi ana osawerengeka, ndipo wosayamika zotere ndi wopanda mwambo. Koma mlandu ulipo, ndipo ugwera mbali zitatu. Othandiza alakwa pofulumira kumanga ndi kujambula zithunzi za tsiku lotsegulira, osafunsa amene adzakonza cinthuco zaka zisanu zitapita, ndiponso pozoloweza anthu kulandira malipiro pa nchito ya kwao. Atsogoleri alakwa poyesa kupempha ngati nchito yao yaikuru, ndi posandutsa zinthu za anthu onse kukhala mphatso zocokera m'thumba mwao. Ifenso talakwa, pakuti tapeza kuti kulindira nkokoma koposa kusonkha, ndi kudandaula kuseri nkopepuka koposa kufunsa pabwalo.

Amene anena kuti ife sitidziwa kugwirizana, apite pamaliro a m'mudzi uliwonse wa kwa Kabudula. Uthenga ukamveka usiku, kusanace adzukulu ali kumanda ndi makasu ao, amai afika ndi ufa ndi nkhuni pamutu, amuna asonkha ya bokosi, ndipo mlembi alemba dzina ndi cimene yense wapereka, nawerenga pamaso pa anthu onse. Palibe bungwe lakunja linatiphunzitsa zimenezi, ndipo palibe alindira alawansi. Makolo athu analima minda yaikuru ndi dima, nafolera nyumba za okalamba. Nyumba zambiri zopemphereramo za m'midzi yathu tinaziumbira njerwa tokha, ndipo denga likadontha sitilembera kalata ku Ulaya. Nzeru tiri nayo, mwambo tiri nao. Tsono ngati tidziwa kusonkha pofuna kuika mwana m'manda, tilepheranji kusonkha ya kamphira kamene kadamletsa kumwa madzi akumupha?

Cifukwa cace ndipempha zinthu zinai, zimene mudzi uli wonse ungathe kuyamba caka cino. Coyamba, nthawi yokolola banja liri lonse lipereke mbale ya mtedza kapena ya cimanga ku thumba la mjigo, pakuti mu May cakudya ciripo koma mu January ndalama kulibe. Ndipo msungi awerenge buku lace pabwalo monga ticita pamaliro. Caciwiri, bungwe likadza ndi mphatso, mfumu ndi anthu ace alilandire mwaulemu, koma afunse lisanakumbe: Cikaonongeka adzakonza ndani, zipangizo zace zigulidwa kuti, ndipo mtengo wace ndi wotani? Cacitatu, tidzipita ku misonkhano ya makomiti a citukuko a m'mudzi ndi a kwa mfumu yaikuru, amene anadza ndi ulamuliro wa makhonsolo wa 1998, ndi kufunsa khansala ndi phungu za ndalama za citukuko ca dera lathu: zinadza zingati, zinagula ciani, ndipo cinthuco ciri kuti? Kufunsa kotere si cipongwe, ndipo lamulo lopatsa anthu ufulu wodziwa za boma linayamba kugwira nchito mu 2020. Cacinai, nthawi ya cisankho tikane nsalu ndi timakwacha togulira voti, zimene lamulo la zipani la 2018 linaletsa. Pakuti amene wakugulani ndi citenje sadzabweranso kudzamva madandaulo anu, popeza anakulipirani kale.

Izi sizidzalemeretsa dziko tsiku limodzi, ndipo sizicotsa udindo wa boma wogula mankhwala ndi kulipira aphunzitsi. Koma anthu ozolowera kuwerenga buku la mjigo wao sadzaopa kufunsa buku la khonsolo, ndipo atsogoleri a anthu otere adzayamba kuyang'ana kumudzi asanayang'ane kutsidya la nyanja. Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Inu akuru ndi amai a mabungwe amene muwerengera anzanu nkhani yino, mukatha kuwerenga pitani mukaone mjigo wa m'mudzi mwanu, ndi denga la sukulu, ndi kamlatho ka padambo. Ndipo mukapeza cakufa, itanani anthu sabata yomweyi, mufunsane mtengo wace wa kucikonza.