Ng'oma ya Bambo Schoffeleers

Mbalule yambani, mpanje muyankhe. Ng'oma ikulira pa Balaka, Shire aitenge pa Liwonde akaitule ku Nsanje, pakuti amene tikumutchula anakhalitsa kumeneko.

Inu Bambo Matthew Schoffeleers, dzina lopinda lilime, mwana wa ku Netherlands wobadwa mu 1928, wansembe wa chipani cha Montfort, chija chinamanga msasa pa Nzama mu 1901 chisanafike kwathu kuno ku Utale. Inu Khutu-la-njovu! Inu Mkhalapamphasa! Anzanu ankaona nkhalango ya Khulubvi n'kumati muli Satana, inu munakhala pansi, kuomba m'manja, n'kufunsa akuluakulu a kachisi kuti Mbona anafa bwanji.

Anakuuzani. Anati mwini mvula anathawa, adani ali pambuyo, anamudula mutu, magazi ake nasanduka mtsinje. Inu simunaseke. Munalemba. Wina akanena zosiyana, munalembanso, osamudula pakamwa. Kenaka munakafukula mapepala a Apwitikizi, a João dos Santos wa chipani cha Dominiko, uja analalikira ku Tete nasindikiza Ethiopia Oriental mu 1609, wosimba za Azimba ogonjetsa azungu pa Zambezi. Munaika pepala apa, mawu a nkhalamba apo, n'kuloza chala kwa mfumu Lundu. Ena ophunzira anakutsutsani, ndipo mlanduwo mpaka lero sunagamulidwe. Koma buku lanu la River of Blood la mu 1992 lilipo, alitsutse ataliwerenga.

Mpanje, tsitsa mawu, apa mpoopsa.

Chaka chomwecho, pa 8 Malichi, kalata ya maepiskopi yodzudzula boma inawerengedwa m'matchalitchi, anthu akuyang'anana m'mabenchi, ena akusuzumira kukhomo. Inasindikizidwa pa Balaka pompano, pa makina a abale anu a Montfort, ndipo posakhalitsa anthu olusa anadzayatsa moto nyumba ya makinayo. Inu Msungaphulusa, munatola za masiku amenewo, tsiku ndi tsiku, n'kuzimanga mtolo wotchedwa In Search of Truth and Justice, kuti mwana wobadwa mawa asadzati ndi nthano.

Mphunzitsi wa pa Chancellor College, wofufuza za nyau atavala kolala, wolemba mbiri ya a Montfort anzake pamodzi ndi Reijnaerts ndi Nielsen. Munagona mu 2011 kwanu kutali, ife maliro osawaona. Ndiye ng'omayi tikuimbira pano, pafupi ndi njanji, fumbi la Balaka lili m'maso.

Mbalule, bwerezanso dzinalo, lilime lizolowere.