Bodza Lomwe Timameza ndi Bodza Lomwe Limatitsamwa

Pali dandaulo lomwe limamveka kawirikawiri pakati pa aphunzitsi a zolembalemba, lakuti ophunzira amataya nthawi ndi mabuku opanda pake. Mabuku akunenedwawo ndi aja a akazitape, apolisi ofufuza milandu ndi zigawenga, amene munthu ukayamba kuwerenga madzulo umangozindikira tambala akulira. M'nkhani ino ndiwatchula kuti mabuku a nthumanzi, popeza ntchito yawo nkumusiya wowerenga mtima uli m'mwamba. Mlandu womwe amapatsidwa uli pawiri: kuti zochitika zake nzosatheka, ndiponso kuti wowakonda ndi munthu womeza chilichonse osatafuna. Gawo loyambalo ndilivomera. Lachiwirilo ndikulikana. Wowerenga mabukuwa ali ndi malamulo ake, okhwima kuposa mmene timaganizira, ndipo ife amene tikuphunzira kulemba tiyenera kuwadziwa.

Tiyambire pakhomo. Agogo akati "Padangokhala," ana nkuyankha kuti "Tili tonse," pamenepo pangano lamangidwa. Kalulu ayankhula, Njovu ipita kubwalo la milandu, ndipo palibe mwana amene adzutse mkono kufunsa kuti nyama idaphunzira kuti Chichewa. Koma agogo omwewo atayerekeza kunena kuti Fisi adampusitsa Kalulu popanda chifukwa chilichonse, kapena kuti Kalulu ali m'dzenje padangogwa chingwe kuchokera kumwamba, ana aja ang'ung'udza. Adalola kuti nyama iyankhule, koma sadalole kuti Kalulu asiye ukalulu wake. Aristotle adaiona mfundo imeneyi kalekale m'buku lake la Poetics, pomwe adaweruza kuti m'nkhani chinthu chosatheka chomwe omvera achikhulupirira nchabwino kuposa chinthu chotheka chomwe sachikhulupirira. Nayenso Coleridge mu 1817, m'buku la Biographia Literaria, adafotokoza kuti wowerenga amaika pambali chikaiko chake mwakufuna kwake, ndipo kwa kanthawi chabe. Mawu ofunika apa ngakuti mwakufuna kwake. Chimene munthu wapereka mwakufuna kwake angathenso kuchilanda.

Tsono funso nlakuti amachilanda liti. Yankho labwino ndidalipeza m'mbiri ya Ian Fleming, mlembi wa James Bond. Mu 1956 munthu wina wa ku Glasgow wodziwa za mfuti, Geoffrey Boothroyd, adamulembera kalata Fleming kudandaula kuti kamfuti ka Beretta komwe Bond ankayenda nako nkofooka, kosayenera munthu wa ntchito yotere. Fleming adamvera. M'buku la Dr. No la mu 1958 Bond adapatsidwa mfuti ya Walther PPK, ndipo wosunga zida m'bukumo adatchedwa Major Boothroyd. Tsopano taonani zimene zili m'buku lomwelo. Muli munthu wa manja achitsulo, wa mtima wokhala kudzanja lamanja, amene ali ndi chilumba chakechake pafupi ndi Jamaica. Bond alimbana ndi chilombo cha m'nyanja cha mikono yambirimbiri napulumuka, ndipo mdani wakeyo afa atakwiriridwa ndi mulu wa zitosi za mbalame. Zonsezi owerenga adameza bwinobwino. Chimene chidafunika kukonzedwa ndi mtundu wa mfuti.

Ena aseka nkunena kuti umenewu ndiye uchitsiru wa owerenga, kumeza njovu nkutsamwidwa ndi nyerere. Ine ndikuona nzeru. Bodza lalikulu lidalengezedwa pachikuto pomwe, ndipo wogula bukulo adalivomera asanatsegule tsamba loyamba. Tinthu ting'onoting'ono tija ndiye chikole chimene mlembi amapereka kuti akongole chikhulupiriro chathu. Akanena zoona pa zimene tingathe kuzifufuza, monga mfuti, msewu, nthawi ya sitima, timamukongoza pa zimene sitingathe kufufuza. Akaphonya pa zazing'onozo, timadziwa kuti sadatilemekeze, ndipo ngongole yonse timaiitanitsa nthawi yomweyo.

Palibe amene adagwiritsa ntchito chikole chimenechi mochenjera kuposa Frederick Forsyth m'buku la The Day of the Jackal la mu 1971. Bukuli liyamba ndi zinthu zoona: chiwembu cha pa Petit-Clamart pa 22 Ogasiti 1962, pomwe anthu adawombera galimoto ya Pulezidenti Charles de Gaulle, ndi kunyongedwa kwa mtsogoleri wachiwembucho, Bastien-Thiry, yemwe adaphedwa mochita kuwomberedwa mu Malichi 1963. Kenaka Forsyth alowetsapo munthu wopeka, Mngelezi wolembedwa ganyu yopha de Gaulle. Aliyense wowerenga ankadziwa kuti de Gaulle adamwalira ndi matenda kunyumba kwake mu Novembala 1970, kotero mathero a nkhani adali odziwika kale. Komabe anthu adawerenga mtima ukugunda, chifukwa mlembi adasintha funso. Silidalinso lakuti kodi amupha, koma lakuti achita bwanji, nanga alephera pati. Njira yomwe wakuphayo adapezera pasipoti, potenga dzina la mwana yemwe adamwalira kale nkukapempha chikalata chake cha kubadwa, idali yotheka ndithu ku Britain nthawi imeneyo. Mu 1974 phungu wa nyumba ya malamulo ya kumeneko, John Stonehouse, adapeza pasipoti m'dzina la munthu wakufa, nasiya zovala zake pagombe ku Miami kuti anthu aziti wamira, ndipo adakagwidwa ku Melbourne. Mlembi akadapeka nkhani ya Stonehouse, ambiri tikadati wanyanya.

Lamulo lachiwiri likhudza mwayi. John Buchan, polemba The Thirty-Nine Steps ya mu 1915, adavomera yekha m'mawu opereka bukulo kwa mnzake kuti nkhani zamtunduwu zimayenda m'malire enieni a zotheka. Richard Hannay, amene wangobwera kumene ku London kuchokera ku Rhodesia, athawira ku mapiri a Scotland, ndipo mwa nyumba zonse za kumeneko akabisala m'nyumba ya mkulu wa adani ake. Zimenezi nzovuta kukhulupirira, koma sitikwiya nazo, chifukwa tsokalo lamuika m'mavuto. Potuluka m'chipinda chomwe adamutsekera, Hannay aphulitsa khoma ndi wonga womwe waupeza momwemo, ndipo audziwa chifukwa adagwirapo ntchito m'migodi, monga tidauzidwa koyambirira. Apa wowerenga amasiyanitsa zinthu ziwiri. Tsoka logwetsa munthu m'dzenje amalilola, popeza moyo umatero. Mwayi womutulutsa m'dzenjemo saulola pokhapokha munthuyo ataikapo nzeru kapena luso lake. Kumene Buchan aiwala zimenezi nkumupulumutsa Hannay ndi mwayi wokha, ndipo malo otere alipo angapo, bukulo limalobodoka.

Lamulo lachitatu ndi liwiro. Pamene Howard Hawks ankajambula kanema wa mu 1946 wochokera m'buku la Raymond Chandler la The Big Sleep la mu 1939, anthu ake adasowa yankho la funso limodzi: adapha dalaivala Owen Taylor ndani? Adamufunsa mwini bukulo, ndipo Chandler adavomera kuti nayenso sakudziwa. Kwa zaka zingapo anthu adakhala akuwerenga bukulo osadandaula ndi dzenje limeneli, chifukwa maso awo adali pa Philip Marlowe ndi pa mzinda wovunda wa Los Angeles. Woyenda pansi amaona dzenje lililonse mumsewu, koma wokwera basi yothamanga amangomva kugwedezeka pang'ono. Ichi nchifukwa chake buku lomwe lidakugwira usiku wonse limaoneka lachibwana ukaliwerenganso mwachifatse. Sikuti udali wopusa usiku uja. Udalandira chimene udagula, ndicho kuthamanga.

Mpaka pano ndakhala ndikumuikira kumbuyo wowerenga. Tsopano ndinene pomwe kulolera kwake kumandidetsa nkhawa. Chikole chija chimagwira ntchito pokhapokha wowerenga akudziwa kusiyanitsa ndalama yeniyeni ndi yachinyengo. James Hadley Chase, amene mabuku ake adayenda m'manja mwa anthu ambiri kuno ku Malawi mpaka zikuto kuthothoka, adali Mngelezi wobadwira ku London mu 1906, dzina lake lenileni René Raymond. Buku lake loyamba, No Orchids for Miss Blandish la mu 1939, lidachitikira ku America, koma adalilemba asanapondeko, mothandizidwa ndi mapu ndi buku lomasulira mawu a m'misewu ya kumeneko. America ya Chase ndi yopeka, yomangidwa kuchokera m'mabuku ena ndi m'makanema. Wowerenga wa ku Zomba kapena ku Mzuzu amene sadafikeko alibe poyesera, choncho amailandira yonse, ndipo pang'onopang'ono amayamba kuganiza kuti dzikolo ndi la mfuti, kachasu wa azungu ndi akazi achinyengo basi. George Orwell adadandaula za bukuli mu 1944, ndipo chimene chidamuvuta sichidali kusatheka kwa zochitika koma kupembedza mphamvu ndi nkhanza komwe kuli m'menemo.

Titembenuze galasilo litiyang'ane ifeyo. Mu 1974 Forsyth yemwe uja adatulutsa The Dogs of War, nkhani ya mkulu wa kampani ya migodi ku London, Sir James Manson, amene alemba ganyu asilikali ogulidwa kuti akagwetse boma la dziko lopeka la Zangaro kuno ku Africa, pofuna mwala wa platinum. Masamba ambiri afotokoza mwatsatanetsatane kagulidwe ka zida, zikalata zabodza ndi kabisidwe ka mfuti m'migolo ya mafuta. Kodi kagulu ka anthu ochepa kangalande dziko? Mbiri ikuti nzotheka kuyesa: Bob Denard adachita zimenezi ku Comoros mu 1975 ndi mu 1978, Mike Hoare adalephera ku Seychelles mu 1981, ndipo gulu la Simon Mann lidagwidwa ku Harare mu 2004 lili paulendo wa ku Equatorial Guinea. Choncho chiwembucho si chimene chili chovuta kukhulupirira. Chovuta ndi anthu a ku Zangaro. Ngakhale kumapeto Shannon, mtsogoleri wa asilikaliwo, amutembenukira Manson nkupereka dzikolo m'manja mwa anthu akuda ena, eni dziko enieniwo alibe mawu m'buku lonselo. Aoneka ngati khamu laulesi ndi lamantha, longoyembekeza kuti wina awasankhire wowalamulira. Wowerenga wa ku London ameza zimenezi monga ife timamezera America ya Chase, ndipo kulondola kwa nambala za zipolopolo kumamuchititsa kukhulupiriranso chithunzi cha anthuwo. Apa ndi pomwe chikole choona chimagulira bodza loopsa. Chilombo cha m'nyanja cha Dr. No sichidapweteke munthu aliyense, chifukwa palibe amene adatseka bukulo akukhulupirira kuti chilipo. Koma bodza lonena za mtundu wa anthu limatuluka m'buku nkuyenda ndi wowerenga.

Nchifukwa chake ndikuti aphunzitsi athu akamadzudzula mabukuwa asamalimbane ndi kusatheka kwa zochitika. Kumeneko nkuthamangitsa mthunzi. Afunse kuti bukuli likutipempha kukhulupirira chiyani za anthu, ndipo ndani amene lamulanda pakamwa kuti nkhani ithamange.

Nanga ife alembi achinyamata titengepo chiyani? Kuyambira mu 1977 kampani ya Macmillan idatulutsa mabuku a Pacesetters, ambiri mwa iwo olembedwa ndi anthu a mu Africa muno, ndipo adaonetsa kuti nkhani ya nthumanzi ingathe kuchitikira ku Lagos kapena ku Nairobi nkugwira mtima. Koma wolemba za kwawo ali ndi ntchito yolemera kuposa ya Chase, chifukwa wowerenga wake ndi Boothroyd pa chilichonse. Amadziwa kutalika kwa ulendo wochoka ku Limbe kupita ku Zomba. Amadziwa kuti mlendo sangalowe m'mudzi usiku nkutuluka popanda galu kuuwa kapena mayi wina kumuona. Amadziwa kuti munthu wothawa apolisi ali ndi amalume ake, ndipo amalumewo adzafunsidwa. Masiku ano amadziwanso kuti pafupifupi aliyense ali pafupi ndi foni, kotero mlembi ayenera kufotokoza chifukwa chimene mtsikana wotsekeredwa uja sadaimbire mbale wake. Tikatenga wapolisi wa ku Miami nkumuveka dzina la Phiri, kumupatsa mfuti ziwiri ndi chibwenzi cha tsitsi lagolide, wowerenga aseka, ndipo kuseka kumeneko ndiye imfa ya nthumanzi. Chimodzimodzinso tikamanga mlandu masamba 100 kenaka nkuumasula ndi loto kapena ndi mphenzi yogwera wakuba. Ngati m'nkhani mwathu muli ufiti kapena ula wa sing'anga, tiuze owerenga koyambirira kuti dziko lake ndi lotero, monga amachitira agogo, ndipo adzatitsata. Tisautulutse m'thumba patsamba lomaliza chifukwa choti tasowa pothawira.

Wowerenga ngwokoma mtima, ndipo adzatilola bodza limodzi lalikulu, mwinanso awiri. Chimene amafuna posinthana nacho nchakuti tisunge malamulo omwe taika tokha, tinene zoona pa zimene iye akuzidziwa, ndipo anthu a m'nkhani mwathu, ngakhale wapakhomo wongotsegula geti, akhale anthu. Amene akuona kuti zimenezi nzapafupi ayese kulemba mutu umodzi wokha, abwere nawo pamsonkhano wathu wotsatira, tidzauwerenge mokweza tione ngati wina sadzatsamwa.