Nkhonya Zosaoneka ndi Mikango Yosalira

M'mavidiyo sho a m'misika ya kuno kwathu, anyamata ankatuluka akuyeserera mateche a Bruce Lee ndi Jackie Chan, chonsecho sanamve liwu ndi limodzi lomwe la Chingelezi kapena Chitchaina. Thupi la mwini filimu ndi lomwe linkakamba nkhani: akatopa unkaona, akapwetekedwa unkachita tsinya pampando pako. Masiku ano mafilimu akudya ndalama zosasimbika, zithunzi zikuwala kuposa kale, koma ambiri timamaliza kuonera popanda chotsalira m'mutu. Ena amati takula ndipo tikungolira ubwana wathu. Ine ndikukana. Pali luso lenileni lomwe likutayika, luso lolola diso la woonera kuona lokha zomwe zikuchitika.

Taonani Police Story ya mu 1985. Kumapeto kwake Jackie Chan akudumpha kuchokera pamwamba m'nyumba yaikulu ya masitolo, kugwira chitsulo chokutidwa ndi mababu amagetsi, n'kutsetsereka nacho mpaka pansi mababuwo akuphulika. Anapsa m'manja ndipo anavulala msana. Kamera inaima patali kuti munthu aoneke yense, kumutu mpaka kuphazi, ndipo kudumphako anakuonetsa katatu kuchokera mbali zosiyana. Woonera amadziwa kutalika kwa malowo, amadziwa pomwe munthuyo wachokera ndi pomwe akagwere, n'chifukwa chake mtima umadumpha naye limodzi. Sindikupempha kuti ochita mafilimu azivulala. Chomwe ndikuyamikira ndi ulemu womwe Chan ankapereka kwa woonera: ankabwereza kujambula kachigawo kamodzi kambirimbiri mpaka nkhonya, kuzinda ndi kubwezera zigwirizane, zonse zikuoneka poyera.

Tsono yerekezani ndi Taken 3, yomwe anatsogolera Olivier Megaton. Pali pomwe Liam Neeson akukwera mpanda wa waya, chinthu cha masekondi ochepa chabe, koma chithunzicho anachidula koposa kakhumi. Uona phazi, kenaka phewa, kenaka waya, kenaka galu, ndipo munthu uja ali kale kuseri. Kudula kotereku kunafala pambuyo pa mafilimu a Bourne omwe Paul Greengrass anapanga mu 2004 ndi 2007. Iye ankagwedeza kamera ndi cholinga, kuti tilowe m'mutu mwa munthu wosakidwa. Omutsanzira anangotengapo kugwedezako, n'kukusandutsa chobisira kuti wosewera sanaphunzire ndewu, kapena kuti masiku okonzekera anachepa.

Kudula msanga pakokha si tchimo. Mad Max: Fury Road ya George Miller, ya mu 2015, yomwe anakajambulira m'chipululu cha ku Namibia, imathamanga ngati mphepo. Koma Miller ankaika chinthu chofunika pakati penipeni pa chithunzi, kotero kuti chithunzi chikasintha diso silisakasaka. Margaret Sixel, amene analumikiza zithunzizo, analandira mphoto ya Oscar. Nayenso Chad Stahelski wa John Wick, yemwe kwa zaka zambiri ankagwira ntchito yolowa m'malo mwa osewera pa zochitika zoopsa, anabweza kamera m'mbuyo n'kumuphunzitsa Keanu Reeves kwa miyezi. Anthu amenewa akutsimikiza kuti lusoli lilipobe, kungoti limafuna nthawi, ndipo makampani ambiri safuna kulipira nthawiyo.

Matenda omwewa alowa m'makatuni, koma kumeneko chobisika ndi nkhope. The Lion King ya mu 1994 inajambulidwa pamanja, ngakhale kuti chigulu cha nyumbu zothamanga m'chigwa chija anachipanga mothandizidwa ndi kompyuta. Mufasa atafa, Simba akumugwedeza, kumukoka khutu, kenaka kudzilowetsa pansi pa mkono wa bambo wake. Maso a kamwanako atukumuka, zikope zagwa, makutu afota. Mkango weniweni suchita zimenezo, koma wojambula anadziwa kuti mwana woonera amawerenga chisoni pankhope. Mu 2019 Jon Favreau anaipanganso filimuyi pafupifupi yonse pakompyuta, nyama zikuoneka ngati zenizeni za ku Serengeti. Ubweya uliwonse ukuwerengeka, fumbi ndi dzuwa zili m'malo mwake. James Earl Jones anayankhulanso ngati Mufasa monga poyamba. Komabe pa imfa ija mawu akulira pomwe nkhope ili duu, chifukwa nkhope ya mkango weniweni ilibe njira yoonetsera chisoni cha munthu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Filimuyi inatalika ndi pafupifupi theka la ola kuposa yoyamba, osawonjezera kanthu kogwira mtima, koma inapeza ndalama zoposa madola 1.6 biliyoni. Phunziro lomwe makampani anatolapo ndi lakuti dzina lakale limagulitsa lokha.

Kubwereza nkhani yakale sikulakwa. Nthano zonse zimakhala ndi moyo chifukwa chokambidwanso. Funso n'lakuti wokambayo wabweretsa chiyani. Spider-Man: Into the Spider-Verse ya mu 2018 inatenga munthu wodziwika kale n'kumupatsa thupi latsopano mwa Miles Morales, ndi kajambulidwe kooneka ngati tsamba la buku la zithunzi lomwe layamba kuyenda. Poyamba mnyamatayo amayenda modukizadukiza, ndipo akamazolowera mphamvu zake mayendedwe ake amasalala. Kukula kwake ukuona ndi maso, palibe wochita kukuuza.

Pa masewero a m'magawo a pa Netflix ndi anzake, chomwe chawonongeka kwambiri ndi kamangidwe ka nkhani. Kuyambira pomwe House of Cards inatulutsa magawo 13 tsiku limodzi mu 2013, gawo lililonse linasiya kukhala nkhani yoima payokha, yokhala ndi chiyambi, pachimake ndi mathero. Nkhani yokwana maola awiri amaikoka kuti ikwane maola asanu ndi atatu, pakati pake anthu akungozungulira, ndipo mphindi zomaliza amakusiya m'malere kuti usazimitse. Osewera amanena ndi pakamwa zomwe akumva ndi zomwe akuchita, ngati kuti olemba akudziwa kuti woonera maso ali pafoni. Ukapirira mpaka kumapeto, mwina umva kuti seweroli alisiyira panjira, monga anachitira ndi sewero lotchedwa 1899 litangotha nyengo yake yoyamba. Kwa munthu amene wagula bandulo ndi ndalama yovutikira, kumeneku n'kumulanda nthawi ndi chikhulupiriro chomwe.

Gwero la zonsezi ndi limodzi: opanga asiya kukhulupirira diso la woonera. Akuopa kuti kamera ikaima tidzatopa, kuti chojambula pamanja tidzachiyesa chachibwana, kuti gawo likatha bwinobwino sitidzabweranso. Mantha amenewa akubala mafilimu odula koma opanda kulemera, monga The Gray Man ya mu 2022, yomwe inadya pafupifupi madola 200 miliyoni koma ndewu zake zambiri zimasochera mu utsi ndi m'kudula kosalekeza.

Mu 2011 Gareth Evans anapanga The Raid ku Indonesia ndi ndalama zongopitirira pang'ono madola 1 miliyoni, nkhani yonse ikuchitikira m'nyumba imodzi yosanja. Chuma chake chinali Iko Uwais ndi anzake odziwa ndewu ya kwawo ya pencak silat, miyezi yokonzekera, ndi kamera yotsata thupi mokhulupirika. Opanga mafilimu a ku Lilongwe, Blantyre ndi Lusaka alimbe mtima ndi zimenezi. Sangapikisane ndi Hollywood pa makompyuta, koma kuphunzitsa wosewera mokwanira, kuika kamera pamalo oyenera ndi kumaliza nkhani yomwe ayamba zili m'manja mwawo lero lomwe.