Dzina la Mulungu ndi Mau Ena Obwereka: Kupenda Chinenero cha Zipembedzo Zitatu

M'kaundula wa sukulu ya kufupi ndi msika wa Nsaru mukhoza kupezeka Yosefe ndi Yusufu pa tsamba limodzi, Mose pamwamba ndi Musa pansi pake, Mariya ndi Mariamu, Davide ndi Daudi. Mphunzitsi watsopano amaitana maina amenewa m'mawa uliwonse osazindikira kuti akuitana dzina limodzi kawiri, ndi kuti m'kaundulamo muli mbiri ya zipembedzo zitatu: Chiyuda, kumene mainawo anachokera, Chikhristu, chimene chinawafikitsa kudzera ku Mvera, ku Nkhoma, ku Likuni ndi ku Nambuma, ndi Chisilamu, chimene chinawafikitsa m'njira ya amalonda ochokera ku gombe la kum'mawa. Tsiku lina mphunzitsi yemweyo adzayenera kufananiza zipembedzozi pamaso pa ana amene makolo ao amapemphera kosiyana, ena mwa iwo ali a kudambwe, ndipo chida chake chachikulu chidzakhala mau a Chichewa amene omasulira mabuku anamsiyira. Nkhani yake si yaing'ono: mu 2000 dziko lonse linatekeseka pamene boma linafuna kuchotsa phunziro la Baibulo m'sukulu za sekondale ndi kuikapo phunziro la zipembedzo zosiyanasiyana, kufikira kuti maphunziro onse awiri analoledwa kukhalapo. Nkoyenera tsono kuti mauwo apendedwe, pakuti ena a iwo ndi okhulupirika, ena amabisa kusiyana kumene kulipodi, ndipo ena amaonetsa kusiyana pamene palibe.

Pa kubadwa, Chiyuda ndicho chachisamba. Chinakula pakati pa Aisraeli, chinapirira pamene Ababulo anapasula Yerusalemu m'chaka cha 586 Khristu asanabadwe, ndipo chinasintha maonekedwe pamene Aroma anagwetsa Kachisi wachiwiri m'chaka cha 70. Kuyambira pamenepo nsembe za nyama zinaleka, ndipo aphunzitsi ao, arabi, anamanga chipembedzo pa kuwerenga Tora, pa mapemphero a m'sunagoge ndi pa mwambo wa m'nyumba. Ziphunzitso zao zinasonkhanitsidwa m'buku la Mishna cha m'ma 200, ndipo pambuyo pake m'Talmud. Chikhristu chinaphuka m'kati mwa Chiyuda chomwecho Kachisi asanagwe, pakuti Yesu ndi ophunzira ake oyamba onse anali Ayuda, ndipo iye anapachikidwa m'masiku a Pontio Pilato, amene analamulira Yudeya kuyambira 26 kufikira 36. Muhammad anabadwira ku Makka cha m'ma 570, anayamba kulalikira patapita zaka ngati makumi anai, anasamukira ku Madina mu 622, chaka chimene Asilamu amayambirapo kuwerenga zaka zao, ndipo anamwalira mu 632. Ana angakondwe kumva kuti cha m'ma 615 Asilamu ena othawa mazunzo anawolokera ku Aksum, m'dziko la Ethiopia, ndipo mfumu yachikhristu inawasunga.

Vuto loyamba la omasulira Baibulo linali dzina. Mau oti Mulungu sanawavutitse, poti anawapeza ali kale pakamwa pa anthu. Koma m'malembo a Chihebri muli dzina lina la zilembo zinai, YHWH, lolembedwa koposa ka 6,000, limene Ayuda anasiya kulitchula kalekale chifukwa cha ulemu. Akafika pamene lalembedwa amanena kuti Adonai, ndiko kuti Ambuye. Mchewa sangadabwe nao mwambo wotere, popeza nayenso mkamwini wamwambo satchula dzina la apongozi ake, ndipo mwana woleredwa bwino amaitana wamkulu ndi mfunda wake.

Buku Lopatulika, limene W. H. Murray wa mishoni ya Dutch Reformed anatsogolera kumasulira kwake, ndipo linatuluka mu 1922, linalemba kuti Yehova. Dzinali lazika mizu m'nyimbo ndi m'mapemphero a mipingo ya Sinodi ya Nkhoma kotero kuti palibe angalizule, ndipo palibe chifukwa cholizulira. Komabe mphunzitsi adziwe kuti katchulidwe kake kanabadwa mwa kusakaniza. Alembi achiyuda anaika timadontho ta maliu a Adonai pansi pa zilembo zinai zija kuti wowerenga akumbukire chimene ayenera kunena, ndipo Akhristu a ku Ulaya anawerenga zilembo ndi timadonthoto pamodzi ngati liu limodzi. Myuda sanatchulepo motero. Malembo Oyera a Akatolika, ntchito ya Bambo Louis Villy imene inatuluka mu 1966, analemba kuti Yahve, kuyandikira kumene akatswiri amaganiza kuti ndiko kunali katchulidwe kakale. Kulondola kwake ndi kwa m'buku chabe. M'khutu la mlimi wa kwa Kabudula dzinalo silikumbutsa kanthu, ndiponso linatchula poyera chimene eni ake amachisunga mwamantha. Mu 2008 likulu la Mpingo wa Katolika ku Roma linalangiza kuti dzina limeneli lisamatchulidwe m'mapemphero ndi m'nyimbo za m'tchalitchi.

Buku Loyera la 1998, limene Akatolika ndi Aprotestanti anamasulira pamodzi, linachita molimba mtima: linalemba kuti Chauta. Pa maina atatuwa ili lokha ndilo limagwira m'Chichewa ntchito imene YHWH ankagwira m'Chihebri, pakuti ndi dzina lenileni la mwini, losakhala udindo ngati Ambuye, ndipo womva amalimva kuti ndi la kwao. Koma dzina lililonse lobwereka limabwera ndi katundu wake. Chauta ndiye amene makolo ankapempha mvula ku kachisi wa ku Msinja, m'munsi mwa mapiri a Dzalanyama, m'manja mwa Makewana. Ankafikidwa kudzera m'mizimu ya makolo, ndipo ankadziwika ndi mvula, mphenzi ndi kubala kwa nthaka. Mulungu wa Aisraeli amadziwika koposa ndi pangano ndi mbiri: anaitana munthu wakutiwakuti, anatulutsa mtundu wakutiwakuti mu ukapolo ku Ejipito, napereka malamulo amene amaletsa kufunsira kwa akufa. Mwana wowerenga Buku Loyera akhoza kuganiza kuti Mose ndi Makewana ankapembedza mofanana, ndipo mkulu wa mpingo wozolowera Yehova akhoza kunena kuti zachikunja zalowa m'Baibulo. Onse awiri aona mbali imodzi ya chinthu choona. Ngakhale zili chomwecho, omasulira a 1998 anasankha bwino, chifukwa dzina limene liutsa mafunso otere m'kalasi limaphunzitsa koposa dzina limene ana amangolitchula osalimva. Ndipo amene amadandaula ndi Chauta aiwala kuti Buku Lopatulika lomwe linatenga mau oti kachisi, kanyumba ka udzu ka mizimu, ndi kutchulira nyumba yaikulu ya Solomo ku Yerusalemu, popanda wina kudandaula.

Nanga Allah? Ili ndi liu la Chiarabu lotanthauza Mulungu, ndipo ndi pachibale ndi liu la Chihebri lakuti Elohim. Akhristu olankhula Chiarabu ku Ejipito ndi ku Lebanon amalemba Allah m'Mabaibulo ao. Msilamu wa kuno amati Mulungu pocheza pa msika, koma Allah poswali, chifukwa swala imachitika m'Chiarabu. Mphunzitsi amene alemba pa bolodi kuti Akhristu amapembedza Mulungu, Asilamu Allah, Ayuda Yehova, walakwa katatu m'mzere umodzi. Kusiyana kwenikweni kuli pa malo ena, pa m'mene chipembedzo chilichonse chimaonera chinenero. Mkhristu amatenga Baibulo lomasuliridwa ngati Mau a Mulungu enieni, ndipo ndicho chifukwa chake amishoni anathamangira kulemba Chinyanja ndi kutsegula sukulu za m'midzi. Msilamu amati Kurani, ya masura 114, ndi Kurani m'Chiarabu mokha. Yomasuliridwa m'Chichewa ndi tanthauzo lothandiza wowerenga, ndipo ndicho chifukwa chake mwana wachisilamu akaweruka ku sukulu amapitanso ku madrasa. Myuda nayenso amawerenga mpukutu wa Tora m'Chihebri m'sunagoge, kulikonse kumene akhala.

Pamene zipembedzozi zimapatukanadi ndi pa Yesu, ndipo apa mphunzitsi asayese kusalaza. Akhristu amati iye ndi Mwana wa Mulungu, wa umulungu umodzi ndi Atate, monga msonkhano wa ku Nicaea unakhazikitsira mu 325, ndi kuti anafa pa mtanda nauka kwa akufa. Asilamu amamlemekeza Isa ngati mmodzi wa aneneri akulu, amavomereza kuti anabadwa mwa namwali Mariamu, amene sura ya 19 imatchedwa dzina lake, ndipo amamutcha Mesiya; koma amakana kuti ndi Mwana wa Mulungu, amakananso kuti anapachikidwa. Chiyuda sichimuyesa Mesiya konse. Pa umodzi wa Mulungu, tsono, Myuda ndi Msilamu ali pafupi koposa m'mene aliyense wa iwo alili ndi Mkhristu, monganso amagwirizana pa mdulidwe ndi pa kusala nyama ya nkhumba, zimene Chikhristu chinamasula anthu a mitundu ina kuyambira m'masiku a Paulo. Liu loti mwana limaonjezera chisokonezo. Msilamu akalimva amaganiza za kubereka kwa thupi, kumene ndi mwano waukulu kwa iye, ndipo kumenenso Akhristu saphunzitsa. Chichewa, chimene chimatcha mwana wa mbale wako mwana wako, chikhoza kuthandiza ana kuona kuti liuli silimangidwa pa thupi lokha, komabe sichingathetse mkanganowo, pakuti mkangano wake suli wa mau chabe.

Liu la nsembe nalo lasenzetsedwa katundu wambiri. Linali la ufa ndi mowa wothiridwa patsinde pa mtengo. Linapatsidwa nyama zopsereza za m'Kachisi wa Ayuda, Misa ya Akatolika pamodzi ndi oiperekawo, ndiponso mbuzi imene Asilamu amazinga pa chikondwerero chokumbukira Ibrahimu. Nkhani ya kholo limeneli ndi ya zipembedzo zonse zitatu, koma Ayuda ndi Akhristu amati mwana amene anatsala pang'ono kuperekedwa anali Isake, pamene Asilamu ambiri amati anali Ismayeli. Mwana amene amva liu limodzi pa zinthu zinai amayesa kuti ndi chinthu chimodzi.

Pali mau ena amene sanachokere kwa omasulira koma m'midzi, ndipo mphunzitsi ayenera kuwasiya pakhomo. Asilamu akhala akutchedwa Anasala, dzina limene iwo salikonda, ndipo chodabwitsa nchakuti liu lofanana nalo m'Chiarabu, Nasara, limatanthauza Akhristu. Ena amangoti Achawa, ngati kuti mtundu ndi chipembedzo ndi chinthu chimodzi. Zoonadi mafumu a Ayao monga Makanjira analowa Chisilamu cha m'ma 1870, koma chipembedzochi chinali chitafika kale ku Nkhotakota ndi Jumbe Salim bin Abdallah m'zaka za m'ma 1840, ndipo kumeneko Asilamu ambiri ndi Achewa. Aliponso Ayao ambiri amene ndi Akhristu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu anali 13.8 pa anthu 100 alionse m'Malawi. Kumadzulo kwa Lilongwe ndi ochepa, ndipo kuchepako ndiko kumachititsa kuti liu lonyoza lilase kwambiri, poti mwana wonyozedwayo kawirikawiri amakhala yekha m'kalasi.

Chiyuda ndicho chimalakwiridwa koposa, chifukwa chilibe wochiyankhulira pa Nsaru. Ana amawadziwa Ayuda m'nkhani za masautso a Yesu zokha, ndipo dzina lao limamveka ngati la Yudasi, kotero kuti ambiri amakula akuyesa kuti Ayuda anali anthu oipa amene anatha kalekale. Mpingo wa Katolika, pa msonkhano wake waukulu wa ku Vatican mu 1965, unanena poyera kuti imfa ya Yesu isaikidwe pa Ayuda onse a nthawi imeneyo kapena a masiku ano, ndipo m'kalata yomweyo unalankhula za Asilamu mwaulemu. Ayuda alipo pafupifupi mamiliyoni 15, ambiri ku Israel ndi ku United States, enanso ku Johannesburg, kumene anthu a kuno amapita kukagwira ntchito. Ngakhale dzina loti Chipangano Chakale ndi chigamulo cha Akhristu. Eni ake amatcha mabuku amenewo Tanakh, amawawerenga kuti ndi 24 pamene Aprotestanti amawagawa kukhala 39, ndipo kwa iwo pangano limenelo silinakalambe.

Chisokonezo china chili m'maina a masiku, ndipo ana a Sitandade 3 amakumana nacho asanaphunzire mbiri iliyonse. Sabata la Ayuda limayamba dzuwa likalowa Lachisanu ndi kutha dzuwa likalowa Loweruka. Akhristu oyamba anasankha kusonkhana tsiku lotsatira, pokumbukira kuuka kwa Yesu, koma amishoni amene anafika kuno anali ozolowera kutcha tsiku lao lopemphera Sabata, ndipo Chichewa chinalandira liulo ndi kulipatsa ntchito ziwiri zatsopano: Lasabata, tsiku limene ena amati Lamulungu, ndi sabata, masiku asanu ndi awiri onse. Tsiku lenileni la Sabata linatsala ndi dzina la ntchito, Loweruka, tsiku loweruka pa ntchito ya mzungu. Choncho mwana akawerenga kuti Yesu anachiritsa munthu tsiku la Sabata amaganiza za tsiku limene makolo ake amapita ku tchalitchi, ndipo sazindikira chifukwa chake mnzake wa mpingo wa Adventist, umene unakhazikika ku Malamulo mu 1902, amapumula Loweruka. Lachisanu la Asilamu, Ijumaa, ndi losiyananso: ndi tsiku la kusonkhana mu mzikiti pa swala ya masana, koma silili tsiku loletsedwa ntchito, ndipo wogulitsa nsalu pa msika amatseka sitolo yake kwa kanthawi ndi kuitsegulanso swala ikatha.