Citizenfour: kazitape wosalowera pakhomo

Kanema wa Citizenfour, amene adajambula mayi Laura Poitras ndipo adatuluka mu 2014, alibe mfuti kapena magalimoto othamangitsana. Mbali yaikulu ikuchitikira m'chipinda chimodzi cha hotela ku Hong Kong mu June 2013, momwe mnyamata wa zaka 29, Edward Snowden, ali khale pabedi kufotokozera atolankhani awiri, Glenn Greenwald ndi Ewen MacAskill, zimene bungwe la akazitape la America, NSA, linkachita mseri. Komabe woonera amakhala mtima uli m'malere mpaka kumapeto.

Luso la Poitras lagona pa kudekha. Satiuza kuti tichite mantha, amangotionetsa anthu amantha. Snowden akuzula chingwe cha telefoni ya m'chipindamo poopa kuti ingasanduke khutu la wina. Polemba mawu achinsinsi pa kompyuta, akudzifunditsa nsalu kumutu ngati wodwala malungo. Belu lochenjeza za moto likulira, onse nkuyang'anizana. Poyamba umaseka, kenaka kuseka kumatha.

Nkhani yoyamba imene idatuluka mu nyuzipepala ya The Guardian inali yakuti bwalo la milandu lozenga nkhani zake mobisa lidalamula kampani ya Verizon kuti tsiku ndi tsiku izipereka ku NSA mndandanda wa matelefoni a makasitomala ake: nambala yoimba, nambala yoimbidwa, nthawi ndi kutalika kwa macheza. Wina anganene kuti, aaa, nanga si mawuwo sadawamve? Koma amene akudziwa kuti mudaimbira dokotala, kenaka loya, kenaka ankhoswe pakati pa usiku, nkhani yanu waimva kale.

Apa ndi pamene pali mlandu weniweni. Ndime yachinayi yowonjezera pa malamulo oyendetsera dziko la America, ya mu 1791, imaletsa chipikisheni chachisawawa. Chikalata cha khoti chiyenera kukhala ndi chifukwa chomveka, ndi kutchula malo okafufuzidwa komanso zinthu zokalandidwa. Chikalata chimodzi chokuta anthu mamiliyoni osaganiziridwa mlandu uliwonse ndi khoka, limakokera pamodzi chambo ndi achule omwe.

Tsono apa pomwe ndi pamene kanemayu wafooka. Boma linali ndi potsamira: mu 1979, pa mlandu wa Smith ndi boma la Maryland, khoti lalikulu lidagamula kuti nambala zimene munthu waimba si chinsinsi chifukwa wazipereka yekha ku kampani ya telefoni. Mfundo imeneyi imafunika wina aitambasule, wina aigwetse, ife tikuona. M'malo mwake akuluakulu a boma akungooneka akukana ndi kuzemba mafunso, monga James Clapper pamaso pa aphungu mu March 2013. Poitras mwini ali m'kati mwa nkhaniyi, pakuti ndiye amene Snowden adamulembera makalata achinsinsi, choncho samupanikiza ndi mafunso owawa. Mboni yabwino sikhalanso woweruza.

Oweruza enieni adabwera pambuyo. Kanemayu atapata mphotho ya Oscar mu February 2015, khoti la apilo ku New York lidagamula mu May chaka chomwecho kuti kusonkhanitsa manambala kuja kunalibe chilolezo cha lamulo, ndipo mu June aphungu adasintha lamulolo. Snowden yekha adathera ku Russia, dziko losatchuka ndi kulemekeza zinsinsi za anthu ake, ndipo adalandira unzika wa kumeneko mu 2022.

Awerengi, musati izi nza kutali. Amene adakula nthawi ya chipani chimodzi akukumbukira kutsitsa mawu mu basi ndi kulemba kalata ngati kuti apolisi ndiwo ayambe kuiwerenga. Nchifukwa chake ndime 21 ya malamulo athu a 1994 imateteza thupi, nyumba, makalata ndi matelefoni a munthu. Mkangano wa mu 2011 wa makina a MACRA, amene anthu adawatcha aukazitape, udaonetsa kuti ndimeyi siyoti tiziyiiwala m'kabati. Lero ndalama, matenda ndi chibwenzi zonse zili mu foni ya m'thumba.

Kanemayu muonereni, koma funso limene iye wathamangapo mulifunse nokha: amene akumvetserayo, chilolezo adamupatsa ndani, ndipo iyeyo akumuyang'anira ndani? Paja chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.