Uthenga wa Mliri ndi Munthu Waulumali Pantchito: Kuunika Chichewa cha Malangizo a COVID-19

Pa 20 Malichi 2020 boma la Malawi lidalengeza kuti dziko lili pangozi chifukwa cha mliri wa COVID-19, ndipo pa 2 Epulo chaka chomwecho padapezeka anthu atatu oyamba odwala nthendayi m'dziko muno. Kuyambira pamenepo mawayilesi, manyuzipepala, zikwangwani ndi timapepala togawa zidadzaza ndi malangizo a m'Chichewa. Ntchito yomasulirayo idagwirika mwaliwiro, ndipo amene adaigwira ayenera kuyamikiridwa, pakuti m'masabata owerengeka mawu monga m'bindikiro, kudzipatula ndi kukhala motalikirana adafika pakamwa pa aliyense. Tsono popeza mliriwo udadutsa, nkoyenera kuunika Chichewa chimenecho mofatsa. Nkhani ino ikuchiyeza ndi muyeso umodzi: kodi munthu waulumali amene amadya thukuta lake akadatha kulandira uthengawo ndi kuchita zimene unkanena?

Funsoli ndi lalikulu ndithu. Kalembera wa 2018 adapeza kuti anthu oposa 1.5 miliyoni a zaka 5 kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wa mtundu wina, kutanthauza munthu mmodzi mwa anthu khumi aliwonse. Mwa iwo muli aphunzitsi, alembi a m'maofesi, atelala, osoka nsapato, oluka ndi ogulitsa malonda m'misika. Dziko la Malawi lidavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009. Ndime 11 ya panganoli imanena za chitetezo chawo pa nthawi ya ngozi, ndime 21 imanena za ufulu wolandira uthenga m'njira imene angathe kuumva, ndipo ndime 27 imanena za ntchito. Pa nthawi ya mliri ndime zitatuzi zidakumana pa chinthu chimodzi, ndicho chiganizo cholembedwa pachikwangwani kapena chowerengedwa pawayilesi.

1. Mneni wolamula

Malangizo ambiri a nthawi imeneyo adatsata ndondomeko ngati iyi:

(a) Khalani motalikirana ndi mnzanu mita imodzi.
(b) Khosomolerani kapena yetsemulirani mkati mwa chigongono.
(c) Sambani m'manja pafupipafupi ndi sopo.
(d) Valani chotseka pakamwa ndi mphuno.
(e) Mukaona zizindikiro, imbani foni.

Pa malamulo a chiyankhulo, ziganizozi zilibe chilema chilichonse. Ndi zazifupi, mneni ali patsogolo, ndipo m'phatikiramtsinde -ni akupereka ulemu woyenera. Vuto lili pa munthu amene -ni ameneyo akumulankhula. Ziganizo zisanuzi zikuganizira munthu mmodzi yekha, amene amaona, amamva ndi makutu, amayenda yekha ndiponso amalankhula pafoni.

Mphunzitsi wosaona amapita kuntchito atagwira mkono wa womutsogolera pamwamba pang'ono pa chigongono. Kwa iye chiganizo (a) chikumuuza kuti asiye womutsogolerayo, ndipo chiganizo (b) chikuuza womutsogolerayo kuti ayetsemulire pomwe mphunzitsiyo amagwira. Malangizo awiri abwino akumana pa mkono umodzi ndi kusanduka ngozi. Munthu woyenda pachikuku amasamba m'manja, kenaka nthawi yomweyo amagwira mateyala amene aponda pansi. Ndowa zambiri zosambira pamakomo a masitolo ndi maofesi zinkaikidwa pamwamba, ndipo zina zinkafuna kuponda ndi phazi kuti madzi atuluke. Chiganizo (c) sichikumuuza chochita. Munthu wosamva ndi makutu amadalira milomo ndi nkhope ya womulankhula. M'chinenero chamanja nkhope ndi gawo la malamulo a chiyankhulocho, pakuti nsidze ndi pakamwa zimasiyanitsa funso ndi chiganizo wamba. Kuvala masiki pagulu kutakhala lamulo mu Ogasiti 2020, telala wosamva adaleka kudziwa chimene womubweretsera nsalu akunena, ndipo wantchito wosamva adasowa mawu a bwana wake. Chiganizo (e) chidamusiyiratu kunja.

Mankhwala a vutoli ali m'Chichewa momwemo. Chiyankhulochi chili ndi mlumikizi ngati ndiponso m'phatikiram'kati -ka-, zimene zimalola mlembi kulankhula kwa anthu osiyanasiyana m'ndime imodzi. Chiganizo (b) chikadatha kutsatiridwa ndi china chotere: "Ngati mumatsogolera munthu wosaona, musamusiye, sambani m'manja nonse awiri, ndipo yetsemulirani pakansalu kapena pamkono umene iye sagwira." Chiganizo (d) chikadatsatiridwa ndi ichi: "Mukamalankhula ndi munthu wosamva, mulembereni papepala kapena pafoni." Kuonjezera kotereku kumangofuna mzere umodzi kapena iwiri.

2. Mawu akuti osamva

Mneni kumva ali ndi matanthauzo angapo: kumva ndi makutu, kumvetsa, ndi kumvera. Motero mawu akuti wosamva amanena munthu amene makutu ake sagwira ntchito, komanso amanena munthu wamwano. Mwambi umati samva za anzake adamva nkhwangwa ili m'mutu. Pa nthawi ya mliri kudali kosavuta kudzudzula "anthu osamva" amene ankakana kuvala masiki kapena kudzazana pamaliro. Dzina limodzi lomwelo lidagwera wonyozera lamulo ndi munthu amene lamulolo silidamufike nkomwe. Mkonzi wosamala ayenera kulekanitsa ziwirizi. Wokana malangizo atchedwe wonyozera kapena wosatsatira malangizo, ndipo mawu akuti wosamva, akagwiritsidwa ntchito, asiyidwe kwa eni ake.

Mayina ena akale ali ndi vuto loposa pamenepo. Dzina lakuti chilema lili m'gulu la chi- ndi zi-, ndipo limakoka agwirizanitsi a zinthu: chilema chija chabwera. Munthu wasanduka chinthu m'kamwa mwa wolankhula. Mayina monga napweri, onena munthu wachialubino, ndi achipongwe. Mawu akuti munthu waulumali kapena munthu amene ali ndi ulumali amabwezera dzina la munthu patsogolo pamodzi ndi agwirizanitsi ake, ndipo ndi amene ayenera kutsatidwa m'zolemba.

Komabe kusankha dzina labwino sikukwanira. Nkhani za nthawi ya mliri zikatchula anthu aulumali, kawirikawiri zinkawaika pambali pa okalamba ndi ana amasiye, ndipo aneni ake ankakhala a kachitidwe kochitiridwa: athandizidwe, apatsidwe, asamalidwe. M'ziganizo zotere munthu waulumali salemba ntchito, saphunzitsa, sagulitsa kanthu. Wowerenga amatsala ndi chithunzi cha munthu wongoyembekezera thumba la ufa, ndipo funso la mmene munthuyo angatetezere ntchito yake silifunsidwa. Chithunzi chimenechi chimafikanso kwa wolemba anthu ntchito pa tsiku limene akusankha woti apume.

3. M'bindikiro ndi kudzipatula

Mawu akuti m'bindikiro, amene adamasulira mawu a Chingerezi akuti lockdown, adasankhidwa mwaluso chifukwa ndi a m'chikhalidwe. Amabindikira ndi namwali, kapena mayi amene ali m'chikuta. Koma pachikhalidwe wobindikira samwalira ndi njala, chifukwa pamakhala wina womuphikira ndi kumutungira madzi. Mawuwo adanyamula lonjezo limene dongosolo la boma lidalibe poyamba. M'bindikiro wa masiku 21 umene udayenera kuyamba pa 18 Epulo 2020 udaimitsidwa ndi Khoti Lalikulu pa 17 Epulo, bungwe la Human Rights Defenders Coalition litadandaula kuti padalibe njira yothandizira anthu osauka. Pambuyo pake boma lidalengeza thandizo la K35,000 pamwezi kwa mabanja osauka a m'mizinda. Munthu wosamva wosoka nsapato ku Ndirande kapena ku Mchesi ankafunika kudziwa za thandizo lotere msanga monga wina aliyense, koma njira yaikulu yofalitsira nkhani m'Malawi ndi wayilesi.

Chimodzimodzi mawu akuti kugwirira ntchito kunyumba adali ndi tanthauzo kwa wa muofesi amene ali ndi kompyuta ndi magetsi. Kwa munthu amene ofesi yake ndi khonde la sitolo, mawuwo ankangotanthauza kuleka ntchito. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020, maphunziro a ana a pulayimale adapita pawayilesi, ndipo mwana wosamva pamodzi ndi mphunzitsi wake adatsala opanda kalasi mpaka sukulu zitayamba kutsegulidwa mu Sepitembala.

Mneni kudzipatula ali ndi m'phatikiram'kati -dzi-, amene amasonyeza kuti munthu akudzichitira yekha. Munthu amene amafuna womusambitsa kapena womunyamula sangadzipatule, ndipo akauzidwa motero chimene chimachitika ndi kupatulidwa. Kwa anthu amene adaona kusalidwa kuyambira ubwana, kusiyana kwa aneni awiriwa si nkhani ya m'buku la malamulo a chiyankhulo ayi. Uthenga udayenera kunena poyera kuti wodwala waulumali akhale ndi womusamalira mmodzi, ndi kufotokoza mmene womusamalirayo angadzitetezere.

4. Kalembedwe ndi chinenero chamanja

Pa wayilesi ya kanema pankaoneka womasulira m'chinenero chamanja pa zolengeza zina zikuluzikulu, ndipo ichi ndi choyamikika. Koma mabanja ambiri a kumudzi alibe kanema kapena magetsi, ndipo womasulirayo amaoneka m'kabokosi kakang'ono pangodya. Ambiri mwa anthu osamva adadalira zolembedwa, ndipo apa kalembedwe kadali ndi mphamvu.

Dzina la kachilomboka linkalembedwa korona, kolona ndi corona. Ena ankalemba kachilombo, ena kachirombo. Ena masiki, ena maski, ena chotseka pakamwa. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa, amene adakonzedwa komaliza ndi Chichewa Board mu 1990, amalola r pambuyo pa i ndi e, kotero kuti pambuyo pa o payenera kukhala l. Koma kolona ndi dzinanso la mikanda yopempherera ya Akatolika, ndipo panafunika chigamulo chamsanga chonena mawu oti onse atsate. Munthu wakumva amalumikiza mitundu yonseyi mosavuta chifukwa adamva dzinalo likutchulidwa. Amene adalidziwa ndi maso okha alibe chomuuza kuti mawu atatu olembedwa mosiyana akunena chinthu chimodzi. Womasulira amene akutchula dzina ndi zala, chilembo ndi chilembo, amafunanso kalembedwe kamodzi, ndipo chimodzimodzi wosindikiza zilembo za Braille, amene ntchito yake imatenga nthawi ndi mapepala ambiri.

5. Zoyenera kuchita

Bungwe la World Health Organization lidalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti COVID-19 yasiya kukhala ngozi ya dziko lonse, koma kolera wa 2022 ndi 2023 ndiponso namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 zidaonetsa kuti mauthenga a ngozi adzafunikabe. Lamulo latsopano la anthu aulumali la 2024 lidalowa m'malo mwa la 2012, ndipo udindo wopereka uthenga wofikira onse ulipobe.

Mawu a ngozi ayenera kukonzedwa ngozi isanafike. Centre for Language Studies, imene idatenga ntchito ya Chichewa Board mu 1996, ikhoza kukhala pansi ndi mabungwe a FEDOMA, MANAD ndi Malawi Union of the Blind ndi kugwirizana mndandanda wa mawu a mliri, kusefukira kwa madzi ndi njala, liwu lililonse likhale ndi kalembedwe kamodzi ndi chizindikiro chake chamanja. Akonzi asanavomereze chiganizo cholamula, adzifunse kuti -ni akulankhula yani, ndipo ndani amene sangathe kuchita chimene mneniyo akunena. Alembi alembe za munthu waulumali monga wantchito, ndi aneni osonyeza kuti iye ndiye akuchita. Aphunzitsi a Chichewa angatenge ziganizo zisanu za m'ndime yoyamba ija ndi kupatsa ophunzira kuti azilembenso, chiganizo chilichonse chifikire mphunzitsi wosaona, telala wosamva ndi wamalonda woyenda pachikuku.