Pulasitiki ya "nano" ndi dzuwa la ku Rumphi

Pepala la pulasitiki lofolera shedi ya tomato kapena nazale limatha ndi dzuwa osati mvula. Cheza cha UV chimaphwanya polyethylene pang'onopang'ono, pepala limauma, kenako limang'ambika mphepo ikawomba, kuyambira pomwe lagunda mtengo kapena chitsulo chotentha. Chezachi chimawonjezereka ndi pafupifupi 10 peresenti pa mamita 1,000 alionse okwera. Choncho tsiku lopanda mitambo, nazale ya khofi ku Nchenachena kapena kumapiri a Phoka imawombedwa kwambiri kuposa dimba la ku Chiweta, m'mbali mwa nyanja.

Njira yomwe ikutamidwa m'malipoti a kafukufuku wakunja ndi yosakaniza mu pulasitiki timibulu ta zinc oxide kapena titanium dioxide tosaposa mananomita 100 (nanomita ndi milimita imodzi yogawidwa ka miliyoni). Timibuluti timamwa cheza cha UV koma kuwala komwe mbewu zimafuna kumadutsa. Mpaka apa palibe chotsutsa.

Povuta ndi pomwe mawu oti "nano" ayamba kumveka ngati chitsimikizo. Titanium dioxide ilipo ya mitundu ingapo. Ya rutile, ikakutidwa ndi silica kapena alumina, imateteza. Ya anatase ikamwa cheza imatulutsa mphamvu yomwe imadya pulasitiki yomweyo, ndipo ofufuza ena amaithira dala pofuna kuti pepala liwole msanga. Dzina ndi limodzi, ntchito ndi zotsutsana. Ngakhale mtundu wabwinowo, timibulu tikaundana pa fakitale pepala limachita chifunga ndipo limafooka pomwe taunjikana.

Kayesedwe kakenso n'kopereŵera. Mayeso ambiri amachitikira m'labotale, pansi pa nyale, pa kachidutswa koyera komwe sikanaone fumbi kapena mankhwala. Shedi ya mlimi wa ku Bolero siili choncho, amapoperamo. Mankhwala okhala ndi salifa kapena kolorini amafooketsa HALS, chotetezera chomwe chakhala chikuthiridwa m'mapepala otere kwa zaka zambiri, ndipo zinc oxide imasungunuka ikakumana ndi asidi. Maola a pansi pa nyale sangasandutsidwe nyengo za ulimi mwachisawawa.

Pali nkhani inanso yomwe malipoti a pulasitiki amangoilumpha. Pepala lotchinga UV yonse limachepetsa nsabwe ndi ntchentche zoyera, zomwe n'zabwino, koma limasokonezanso njuchi chifukwa zimadalira cheza chomwecho. Wolima minkhaka yodalira njuchi angapulumutse pepala n'kutaya zokolola.

Alangizi ndi alimi otsogolera asalimbikitse pepala lililonse chifukwa cha dzina. Wogulitsa atchule kukhuthala kwake (la shedi limakhala mamaikironi 150 mpaka 200), chotetezera chomwe chilimo, ndi zaka zomwe akulonjeza, molemba. Komwe kuli kalabu, afolere mashedi awiri oyandikana, ina ndi pepala latsopanolo ina ndi lozoloŵereka, azipopera mofanana, ndipo alembe mwezi womwe lililonse layamba kung'ambika.